Mlamu Pamwamba pa Makina Ochapira

A Injiniya anali atapirira mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene anabwera kudzacheza pang'ono n'kumera mizu pasofa. Lero basi yomuchotsa inali itatsala pang'ono kunyamuka, ndipo nthawi yomweyo makina ochapira atsopano anayamba kugwedezeka n'kumayenda okha kulunjika kabati ya magalasi ya mayi a pakhomo.

"Alamu, makina anu akupita," anatero mlamuyo, sutikesi ili m'manja.

"Sakupita! Bulangete launjikana mbali imodzi. Likamazungulira likukoka makina uku ndi uku."

"Ndiye tizimitse?"

"Ine ndizimitse? Ndakonzapo mainjini a fakitale, ndigonje ndi chochapira zovala? Chilichonse chili ndi liwiro lake logwedezekera. Kuzungulira kukafanana nalo, chinthu chimapenga. Tikawonjezera kulemera, liwirolo lisintha. Khalani pamwambapo, musasunthe mpaka nditanena."

Mlamu anakwera. Makina anangoti zii ngati mwana wolandira bere.

"Mwaona sayansi?" A Injiniya anadziguguda pachifuwa, n'kuyang'ana wotchi. "Eee, basi! Fulumirani!"

"Mwati ndisasunthe."

"Ndanena tsopano!"

"Mwanena kuti basi. Simunanene kuti ndisunthe."

"Sunthani!"

Anatsika. Gwede gwede gwede! Makina analumpha, makapu m'kabati anayamba kulira.

"Bwererani! Bwererani!"

"Kubasi kapena kumakina?"

"Kumakina, inu!"

Anabwerera, makina n'kukhalanso chete. A Injiniya anapukuta thukuta. Mtima unali kuwawa, koma kugonja ayi.

"Chabwino. Tiikepo sutikesi yanu m'malo mwanu."

"Ndiye ndipite popanda zovala?"

"Tidzakutumizirani."

"Adilesi mukuidziwa? Chifukwa ine sindinaipezebe."

"Ingoikanipo!"

Sutikesi inavina kawiri n'kugwa pansi, masokosi ali mbwee. Mlamu anakweranso mosauzidwa, akuoneka wachisoni ngati kuti walakwa ndi iyeyo.

"Sutikesi ndi youma, imangodumpha," a Injiniya anafotokoza mano ali gwa. "Pamafunika chinthu cholemera komanso chofewa, chomeza kugwedezekako."

"Monga ine?"

"Monga mphira!"

"Mphira muli nayo?"

"Ndilibe."

"Nanga bwanji mukhalepo inuyo, ine ndithamangire basi?"

A Injiniya analumphira pamwamba mokondwa. Koma munthu wowonda ngati ndodo ya tsache angaletse chiyani? Makina anawatenga ulendo, mano akugundana.

"A-a-alamu! Ka-ka-kabati!"

"Ndigwire kabati kapena inu?"

"Kha-khalanipo!"

Mlamu anawatsitsa bwinobwino n'kukhalapo yekha. Kunja basi inaliza hutala, kenako phokoso lake linazilala kumsewu.

"Yapita," anatero mlamu. "Musadandaule, mawa ndikwera ya m'mawa. Achemwali akabwera ndiwauza kuti makina awo atsopano amayenda, muwabweze kusitolo."

"Kubweza? Sitoloyo idziwe kuti ine ndalephera?"

"Ndiye titani? Achemwali amachapa tsiku lililonse."

A Injiniya anayang'ana kabati, n'kuyang'ana mlamu wawo kuyambira kumutu mpaka kumimba. Anawerama, natola masokosi amodzi amodzi.

"Katunduyu ndikukakuikirani kuchipinda, alamu. Ndipo musayerekeze kuwonda."