A Masipoko ndi Ngolo Yawo Yomaliza

Anamfedwa, abale ndi anansi, amene agona panowa ndi alamu anga, amene tonse tinkawatchula kuti a Masipoko. Dzina la pa ubatizo anali nalo, koma ngakhale akazi awo analiiwala kalekale. Anabadwa m'chaka cha 1961 m'nyumba ya kuseri kwa msika, m'banja la osoka nsapato.

Atamaliza sekondale anakaphunzira kuwotcherera zitsulo. Anakwatira mlongo wanga mu 1986. Ku ukwatiko anabwera ndi girisi m'zikhadabo, ndipo mlongo wangayo walephera kumuchotsa mpaka lero.

Malemuwa anatsegula sitolo yogulitsa njinga zochokera kunja. Zinkayenda bwino mpaka pamene msonkho wa njinga pamalire unakwera mwadzidzidzi, anzawo ambiri n'kutseka masitolo. Iwo anayamba kuitanitsa njinga zili zidutswazidutswa, poti msonkho wa zipangizo unali wotsika, n'kumazimanga kuseri kwa sitolo. Apa m'pamene anandilemba ntchito ine ndi anzangawa. Posakhalitsa msonkho wa zipangizo nawonso unakwera, kenako unatsika, kenako unakweranso. Chaka china mayiko atayambana, katundu wathu anachita dzimbiri pamalire ife tikuwerenga ntchentche m'sitolo. Malemuwa anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Kuyambira pamenepo anaika lamulo lakuti chipangizo chikakwera msonkho, tiphunzire kuchipanga tokha. Mafelemu tinapinda ndi mapaipi. Zishalo anasoka okha ndi luso la bambo awo. Chimene chinawavuta zaka zambiri ndi masipoko, timawaya ta m'gudumu tija. Masipoko awo ankapindika munthu akangokwerapo, ndipo dzinali tinawapatsa powaseka. Iwo ankaliyankha mokondwa.

Ku mpingo anali m'kwaya ya abambo, oimba besi yosamvera wotsogolera. Njinga za alaliki ankakonza ulere.

Anayamba kudwala mtima chaka chatha. Atalephera kugwira nyundo, ankakhala pa mpando pakhomo la shopu n'kumalangiza mwana wawo wamkazi woyamba, amene ndi wowotcherera ngati iwo. Awiriwa anapanga ngolo yokokedwa ndi njinga, ndipo sipoko iliyonse anaipanga mwanayu ndi manja ake, bambo ake akumudzudzula mpaka itawongoka. Anatisiya Lachiwiri m'mawa kuchipatala.

Ndikudziwa mantha amene ali pakati pathu ogwira ntchito. Kukumveka mphekesera zoti msonkho ukweranso, mwini shopu wapita, ndipo ena mwandifunsa monong'ona ngati titseke. Mtima ukundipweteka, koma mantha ndilibe. Bokosi la malemuwa labwera kuno pa ngolo ija, kudutsa msewu wa maenje umene mukuudziwa, ndipo alamu anga sanali munthu wopepuka. Potuluka mupite mukaone magudumu ake. Palibe sipoko yapindika ngakhale imodzi. Makiyi a shopu ali ndi mwana wawo wowotcherera uja, ndipo Lolemba tikutsegula.

Malemuwa asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zisanu, mchemwali wawo mmodzi, ndi ife amene tinadya thukuta la manja awo.

Alamu athu a Masipoko, apumule mu mtendere.