A Jeke ndi Chitsulo Chopanda Kopita

Kapitawo watsopano wa kudepoti ya simenti analamula kuti Lolemba wonyamula katundu aliyense wopitirira zaka makumi asanu adzanyonyomale ndi kudzuka kakhumi atagwira chitsulo pachifuwa, wolephera akapume kwawo. Ndiye Lamlungu masana a Jeke, omwe asenza matumba kumeneko zaka makumi atatu, anafika kushopu ya mlamu wawo, a Telala, amene anali atabwereka chitsulo chotero pamodzi ndi pepala la malangizo.

Chitsulocho chinali chobulungira ngati mpira, chogwirira chake pamwamba ngati cha ketulo.

"Ndi kameneka?" anatero a Jeke, akukagunda ndi phazi. "Ine ndimayesa injini ya lole."

"Imani chilili, alamu. Pepala likuti mapazi atalikirane mofanana ndi mapewa." A Telala anasolola tepi m'khosi.

"Mukundisokera jekete?"

"Musapume kaye. Mainchesi khumi ndi asanu ndi anayi, ndi theka." Anagwada n'kulemba mitanda iwiri pansi ndi choko cha nsalu. "Pondani apa ndi apa."

"Thekalo lapita kuphazi liti?"

"Ndagawa pakati. Nyamulani."

A Jeke anachitola ndi dzanja limodzi, n'kuchiponya paphewa, ulendo wa kukhomo.

"Iii! Mukupita kuti?"

"Ndimati ndifunse inuyo. Chikupita kuti?"

"Sichikupita kulikonse. Muchigwire pachifuwa ndi manja awiri, mutsike nacho, mukwere nacho."

"Kenako?"

"Mutsikenso."

"Mwini wake akudikira kuti?"

"Palibe akudikira."

"Alamu, chibadwire sindinanyamulepo katundu wopanda kopita. Kudepoti munthu akanyamula thumba n'kulibwezera pomwepo, timamukhazika pamthunzi, timamupatsa madzi."

"Pepala silikunena za mthunzi. Bwererani pamitanda."

A Jeke anabwerera akung'ung'udza, chitsulo atachikumbatira ngati khanda la eni.

"Tsopano likuti mutsike ngati mukukhala pampando." A Telala anakoka kampando kawo kosokera n'kukaika kumbuyo kwa mlamu wawo.

A Jeke anakhalapo khathi, natambasula miyendo. "Aaa! Mayeso ake ndi amenewa? Kapitawo uja ndi munthu wabwino, timangomunena. Werengani mpaka khumi, mundidzutse."

"Musakhale zenizeni!"

"Nanga mpando mwabweretseranji?"

"Kuti thupi lidziwe kolowera. Dzukani, tiyambirenso."

Ulendo wachiwiri, a Jeke ali mkati motsika, a Telala anakoka kampando kaja mwakachetechete. A Jeke anafufuza ndi matako, kufufuza, kufufuza, mpaka ananyonyomala pansi penipeni. Mawondo anati thethethe ngati nkhuni zouma.

"Mayo ine! Mpando wapita kuti?"

"Wamaliza ntchito yake. Musagwedezeke. Likuti ntchafu zigone ndendende ngati tebulo." A Telala anaika kabobini ka ulusi pantchafu ya a Jeke. Kanagubuduka n'kukalowa pansi pa makina. "Tebulo lanu ndi lopendama."

"Ndikupendamitsani inuyo ndikadzuka pano!"

"Eya, dzukani. Ndiye gawo lotsatira limenelo."

Panadutsa kanthawi. Thukuta linayamba kudontha pachitsulo.

"Dzukanitu, alamu."

"Ndadzuka."

"Simunadzuke."

"Mumtimamu ndadzuka kale. Mawondowa ndiwo uthenga sunawafike. Ndigwireni mkono."

A Telala anayang'ana papepala, kutsogolo ndi kumbuyo. "Za mkono palibe. Mawa kapitawo akakugwirani mkono?"

A Jeke anayang'ana pansi. "Ndiye kuti basi," anatero ndi mawu otsika. "Mlongo wanu ndikamuuza chiyani? Kuti andichotsa ntchito chifukwa cha ketulo?"

A Telala anamva chisoni, koma anaonanso kuti chitsulo chayamba kutsetsereka m'manja. "Pepani, alamu. Koma musandigwetsere pansi, mundiswera simenti. Ngati zakanika, kachiikeni pashelefu apo."

"Shelefu iti?"

"Yapamwambayo."

A Jeke anati nyamu! Anaima njo ngati mzati.

"Mwadzuka!" anakuwa a Telala.

"Nanga ndikhalirenji? Katundu wapeza kopita."

A Telala anawayang'ana, nayang'ana pepala, naliika patebulo mwaulemu. "Pepani, ndasintha maganizo. Pansi pa tebulo."

"Hii, mabwana otere ndimawadziwa." A Jeke anatsika.

"Ayi, pashelefu! Kawiri!"

"Ganizani kaye, bambo inu!"

"Pansi pa tebulo! Msana wowongoka! Pashelefu! Katatu!"

"Mulibe mkazi wokuthandizani kuganiza?"

"Zidendene zisanyamuke pamitanda! Pansi! Pashelefu! Kanayi!"

Pofika kachisanu ndi chiwiri onse awiri anali akufa ndi phwete. A Telala ankavina ndi tepi m'manja, a Jeke akutukwana bwana wosakhazikika maganizo, uku akukwera ndi kutsika ngati singano ya makina.

"Koma mawa akakuitanirani ndani shelefu?" anafunsa a Telala, akupukuta misozi.

"Ndikadziitanira ndekha mumtima. Mawu anu osasangalatsawa ndawaloweza. Tiyeni!"

"Kasanu ndi kanayi! Pansi pa tebulo, komaliza!"

A Jeke anatsika monyadira, mozama kuposa maulendo onse. Kumbuyo kunamveka kweee! Koma anakwerabe mpaka kuima.

"Kakhumi! Ntchito yanu ilipo, alamu! Ilipo!"

A Jeke anatula chitsulo pashelefu, napumira m'mwamba. Kenako anaima duu, nkhope itasintha.

"Alamu, mwatsegula zenera?"

"Ayi."

"Nanga mphepoyi ikulowera kuti?"

A Telala anazungulira kumbuyo, nagwira pakamwa. Ovolosi ya kuntchito, imodzi yomweyo, inali itathetheka msoko kuchokera m'chiuno mpaka kuseri kwa bondo. Mwachizolowezi anatambasula tepi. "Mainchesi makumi awiri ndi..."

"Chotsani tepiyo! Anasoka ndani ovolosi imeneyi?"

A Telala anayang'ana kudenga. "Pepala silinanene za ovolosi."

"Ndafunsa kuti anasoka ndani?"

"Ulusi wa masiku ano, alamu..."

A Jeke anakoka kampando kaja ndi phazi, nakakankhira kumakina.

"Khalanipo, ndipo mukhale zenizeni. Miyendo yanga yakhoza mayeso. Wokalamba woti akapume kwawo ndi telala wanga."