Adadi ndi guluu wa adokotala a mano

ayi iwe dikira kaye ndimalize kkkk. adadi si akalipentala eti, misomali amaigwirira mkamwa. ndiye dzino lakutsogolo linabenthuka, ukwati wa achemwali uli mawa lake. amami akuti "ndi dzino latheka limenelo pa zithunzi muima kumbuyo". basi ine kuwaperekeza kwa adokotala a mano

adokotala akuti "sitizula. tingomatapo utomoni woyera ngati dzino lomwelo."

"guluu?" adadi amenewo

"tinene choncho."

"mupala kaye? guluu sagwira posalala."

"tipaka mankhwala kuti pakhakhale."

adadi kugwedeza mutu, apa agwirizana nazo. kenako "nanga kilampu?"

"ya chani bambo?"

"yopanira. mumata chinthu osachipana?"

"kilampu singalowe mkamwa mwanu."

"ndabwera nayo yaing'ono." nkuyamba kupisa mthumba amwali, ine kubisa nkhope

adokotala osaseka olo pang'ono, angotulutsa katochi kowala buluu. "timaumitsa ndi aka. pompano."

"tochi? guluu wanga amagona masiku awiri."

"uyu sagona."

"ndiye ndi madzi ameneyo."

"madzi ndi amene tikupewa. yasamulani."

anayasamula monyinyirika. adokotala kupaka, kuumba, kuwalitsa, kusalaza. dzino mbee ngati silinabenthukepo, ine mpaka kulisowa kuti ndi liti

"tatha, mutha kumwetulira."

"lauma?"

"lauma."

"ndi mkati momwe?"

"ndi mkati momwe."

"munalowamo?"

adokotala kuganiza kaye. "ayi bambo, sindingakwanemo."

kkkkk ine misozi. adadi nkutenga chala chawo chachikulu chija, kupana nacho dzino. "kilampu mwaikana, chabwino. ndipana ndekha."

"palibe chifukwa."

"masiku awiri," akuyankhula chala chili mkamwa

"mukatero musambe m'manja kaye," adokotala nkuwalozera sinki

ndimayesa akuseleula. ayi ndithu. mminibasi chala. pogona chala. ku ukwati suti yatsopano, tayi bwinobwino, chala. wojambula akuti "atate a mkwatibwi timwetulire", iwo akuti "mawa". amami kuwatsina mpaka kutopa, koma kutsogolo anaima ndithu poti dzino latheka silimaoneka

usiku wake nditamutumizira mnzanga wa mkalasi zithunzi zonse anangoyankha kuti

"adokotala anuwo ndi akatswiri eti, chala achimata bwino kwambiri"