Mwala Wolowera M'kalabu

Pa siteji ya basi, mayi wina ankangoyang'ana chikwama cha bambo waimvi amene anakhala naye pafupi.

"Bambo, chikwama chonsechi, mukusamuka?"

"Ayi mayi, ndikukalowa m'phanga. Tili ndi kalabu ya anthu okonda kufufuza malo achilendo."

"Zija za m'mabuku, za anthu olemera?"

"Olemera ati? Timakumana Loweruka lililonse kuseri kwa shopu ya telala. Lamulo lake n'limodzi: ukatole mwala kumene sunafikeko chibadwire."

"Ine ndiye sindingathe. Chimwalirireni amuna anga, lero ndi koyamba kuyenda ndekha. Ndikukaona mdzukulu, koma mtima uli m'mwamba."

"Munafikako kumeneko?"

"Ayi."

"Basitu, mukatole mwala. Loweruka mudzapeza mpando wanu."

"Aaa, inunso bambo! Koma... mwalawo ukhale waukulu bwanji?"