Bambo Lucius Jimu ndi Kaseti ya Kadontho Kofiira

Malemu bambo Lucius Jimu, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa m'chaka cha 1949 m'mudzi muno, kwa Dambe, m'boma la Neno. Anali achiwiri kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo Jimu ndi mayi Maness, omwe anatisiya kalekale. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Laimoni, mng'ono wawo, chitsirizira m'banjamo, ndipo lero ndatsala ndekha. Abusa andinong'oneza kuti ndifupikitse poti dzuwa lakwera. Ndiyesetsa, abusa, koma muli mawu m'mbiri muno amene sindingawadumphe ngakhale mutandilanda pepalali.

Sukulu anayambira ku Nsambe m'chaka cha 1957, akuyenda wapansi m'mame ndi m'chisanu cha kuno. Anafika Sitandade 8 ndipo anakhoza bwino, koma makolo athu analibe mphamvu zowapititsa patsogolo. Analowera ku Limbe, komwe anayamba ntchito yotsuka zitsulo pa galaja ina. Kumeneko ndi komwe anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo laisensi anatenga m'chaka cha 1972.

M'chaka cha 1974 anamanga banja ndi mayi Mailesi a ku Matope, nawatenga chitengwa kubwera nawo kumtunda kuno. Achinyamata amene mwawadziwa alamu angawa posachedwapa simukuwadziwa. Anali mayi woseka mokweza, wakuti akaseka kudimba ife kumudzi tinkamva. Achimwene anali munthu wosagonja pa mkangano, koma kwa mayi Mailesi ankagonja tsiku lililonse. Mulungu anawapatsa ana asanu, ndipo awiri anatsogola ali aang'ono.

M'chaka cha 1978 analembedwa ntchito ya udalaivala pa chipatala china cha mishoni. Ankanyamula odwala, mankhwala, ndiponso dokotala wina wochokera kutsidya kwa nyanja. Dokotalayo ankayenda ndi makaseti a nyimbo za kwawo, zopanda ng'oma, zopanda woimba mawu. Zina zinali piyano yokhayokha. Zina zinali mavayolini, akaligo a kwa azungu aja, pamodzi ndi mkulu wake wa mawu okhuthala amene amati chelo, anthu atatu kapena anayi akuimba okha. Msewu wathu mukuudziwa. Galimoto ikatitimira m'matope kufupi ndi Lisungwi, ankakhala theka la tsiku akumvera kaseti imodzimodziyo. Dalaivala wina akanapenga nazo. Achimwene ndiye zinawalowa m'magazi, osatulukanso.

Sanaphunzire nyimbo kusukulu, ndipo piyano sanaikhudzepo ndi chala. Ankaweruza ndi khutu la dalaivala. Ankati woimba wabwino ndi amene amasintha giya wokwera osamva. Nyimbo imodzi ankatha kukhala nayo pa makaseti atatu, oimba osiyana, n'kumaiyerekeza mwezi wathunthu. Mnyamata wina woimba wotchuka kwawo kwa dokotala uja anamukana, ati amathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pa siteji. Mayi wina wokalamba ndiye ankamuvulira chipewa, ati ameneyo amatsika phiri ndi giya yoyamba osaponda buleki. Za anayi okwecha aja ankati ndi mlandu wa pabwalo: wina adandaula, wina akana, wachitatu akuti tiyeni timvane, ndipo chelo ndi mwini mbumba, amalankhula pomaliza. Dokotala uja nthawi zambiri sankagwirizana nawo, ndiye ankatsutsana kuchokera kuno mpaka ku Blantyre. Atabwerera kwawo anawasiyira makaseti onse, n'kumatumizanso ena mpaka pomwe anamwalira.

Chizolowezi chawo chinali chotere. Nyimbo zikatha, pa kampata kotsala kumapeto kwa kaseti, ankadina batani lofiira n'kujambula maganizo awo. Ankanena tsiku, n'kunena ngati woimbayo wakhoza kapena walakwa, ndi chifukwa chake. Pena pakapita zaka khumi ankasintha maganizo, n'kujambulanso mawu opepesa kwa munthu wa kutali amene sanawamvepo dzina. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ankaima pakhomo ndi jumbo, kubwereketsa makaseti kwa aliyense amene wawapatsa moni. Ambiri mwa inu munalandirapo. Musaweramitse mitu, tikudziwa kuti simunamvere. Ine ndinkawauza pamaso kuti nyimbo yopanda ng'oma ndi ndiwo zopanda mchere, iwo n'kumati khutu langa linagontha ndi chigayo.

Kumbali ya mpingo, anabatizidwa m'chaka cha 1965 ndipo anatumikira ngati dikoni zaka zambiri. Analowanso kwaya, koma sanathe chaka, chifukwa ankaimitsa nyimbo pakati n'kuuza a tena kuti akuthawa anzawo. Akwaya anawapempha mwaulemu kuti azikaimba belu. Belulo analiimba mokhulupirika mpaka mwezi watha. Anapuma pa ntchito m'chaka cha 2004, nabwerera kuno kudzalima tirigu, mbatatesi ndi manachesi.

Tsopano ndafika pa mawu amene ndati sindiwadumpha. M'chaka cha 2017 mayi Mailesi anayamba kudwala matenda oiwala. Anayamba ndi kuiwala poto pamoto, kenaka mayina a adzukulu, kenaka nkhope za ana awo. Mapeto ake anaiwala mwamuna wawo, n'kumawathamangitsa m'nyumba ngati mlendo wolowerera. Ankalowa m'minda ya eni akuitana ana awo awiri amene anamwalira aja. Choopsa kwambiri, anayamba kukana chakudya. Munthu wina aliyense akawapatsa mbale ankati muli mankhwala, n'kumanga pakamwa. Kuchipatala anatiuza kuti matendawa alibe mankhwala ochiza.

Chimene chinawapulumutsa ndi kaseti imodzi, ndipo ndi kaseti imene achimwene ankadana nayo kuposa zonse. Muli piyano ndi chelo, awiri okha, nyimbo yoyenda pang'onopang'ono. Kumapeto kwake kuli mawu amene anajambula m'chaka cha 1991. Achimwene akumveka akunena kuti, "Kaseti iyi sindikuiyamikira. Wa piyanoyu akukoka miyendo ngati lole yodzaza chimanga pa chitunda cha Dambe." Pomwepo kukumveka mbale zikugundana, ndi mawu a mayi Mailesi ali bwinobwino, akuyankha chapatali kuti, "Inu bambo a Atikonda, musiyeni munthuyo. Sakuchedwa ayi, akudikira mnzake." Kenaka onse awiri akuseka, mpaka kaseti kutha.

Tsiku lina achimwene anaika kasetiyo mongoyesa. Nyimbo ili mkati alamu anakhala pansi, phee. Itafika pa mawu aja, anayankhira limodzi ndi wailesi, liwu ndi liwu, n'kuseka kuseka kwawo kwakale kuja. Anatembenuka, n'kuwayang'ana achimwene, n'kuwatchula dzina. Tsiku limenelo anadya. Kuyambira pamenepo chakudya chilichonse m'nyumba iyi chinkayamba ndi kaseti imeneyo, m'mawa, masana ndi madzulo, zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu amene ankati nyimboyo ndi yolakwika anaimvera kuposa nyimbo zonse zimene ankazikonda. Atikonda, mwana wawo woyamba, anawachonderera kuti aijambulire mu foni. Anakana, ati foni imaimba ngati udzudzu m'botolo, ndipo nyimbo yoteroyo sangaipereke kwa mkazi wawo. Liuma limenelo ndi limene latipweteka lero, ndipo ndikunena bokosi lawo lili pamaso panga. Chaka chatha anandiuza tili kudimba kuti mayi Mailesi ananena zoona, wa piyanoyo amadikiradi mnzake, iwo ndi amene anamva mochedwa.

Malemu akhala akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zingapo. Sabata yatha anagwa m'munda wa tirigu, mbali imodzi itafa. Tinathamangira nawo kuchipatala chaching'ono cha kuno kwa Dambe, ndipo anatitumiza kuchipatala cha ku boma. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, tikuwathokoza. Lilime linali litalemera, koma chimene ankafunsa ndi manja tsiku lililonse n'chakuti kodi mayi adya. Tinkawayankha kuti adya, ndipo zinali zoona, chifukwa Atikonda ankawaikira kasetiyo kunyumba kuno. Anamwalira Lolemba pa 16 Seputembala 2024, ali ndi zaka 75.

Uthenga utafika, munachita zimene timachita pa maliro. Munabwera mwachangu, munatulutsa katundu m'nyumba kuti amayi apeze pokhala ndi bokosi lipeze malo. Mipando inapita nyumba iyi, kabati nyumba iyo, makatoni a makaseti anagawikana makomo angapo. Palibe analakwa, munatithandiza. Koma wailesi itabwerera inabwera yopanda kanthu m'kati, ndipo kaseti ija sikuoneka. Tapita khomo ndi khomo, takhuthula makatoni onse amene tawapeza, tamvera mpaka batire ya sola kutha. Mulibe. Kuyambira tsiku limene mwamuna wawo anamwalira alamu sanalawe kanthu, ngakhale phala, ngakhale madzi a shuga. Atikonda wayesa kuwayimbira ndi pakamwa. Ine ndayesa kunena mawu a achimwene aja, poti amati mawu athu amafanana, koma anangondiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Sakudziwa kuti maliro ali pakhomo pano ndi a ndani. Milomo yauma, ndipo dzulo alephera kuimirira okha.

Dzulo lomwelo ndikupita kukaona adzukulu okumba manda, ndinaona tepi ya kaseti itamangidwa pa timitengo m'munda wina wa tirigu, ikunyezimira ndi mphepo. Ndikudziwa kuti mpheta zavuta chaka chino, ndipo ndikudziwa kuti makaseti amene achimwene ankakubwerekani ambiri anathera komweko, kuingitsa mbalame. Iwo ankadziwa, ndipo ankangoseka, ati bola mbalame zikumverako. Sindinafunse mwini munda ndipo sindimutchula. Mwina ndi kaseti ina. Ndikupemphera kuti ikhale ina.

Ndamvanso manong'onong'o kuseri kwa nyumba, akuti mayi amene salira mwamuna wake, amene amayenda m'minda akuitana akufa, pali chimene akudziwa. Amene mwanena zimenezo, manyazi akugwireni. Tonse tikudziwa kumene mawu oterewa amathera akayamba kunenedwa za nkhalamba. Mayiwa akudwala, basi. Amene ankaima pakati pa iwo ndi malilime anu ndi uyu wagona apayu, ndipo chida chake chinali kaseti imodzi.

Choncho ndikugwada pamaso panu, mafumu, abusa, amayi a chigwirizano, achinyamata, ndi inu ana amene mwakwera mumtengo uko. Kasetiyo ndi yakuda, ilibe pepala, ili ndi kadontho kofiira ka kyuteksi wopaka zikhadabo pakona, kamene alamu anadontheza okha kalekale kuti asamaisokoneze ndi zina. Makaseti ena onsewo tengani, ndi mazanamazana, mangani m'minda yonse ya kwa Dambe. Imeneyo yokha tibwezereni. Simufunsidwa funso. Ikani pakhonde, ikani pa guwa m'tchalitchi, patsirani mwana abweretse. Ngati mwaisolola kale, musachite mantha, ndipo musaitaye. Bweretsani tepiyo mmene ilili, ngakhale yopotana, ngakhale yoduka. Ndidzaikulunga ndi bolopeni n'kuilumikiza, achimwene anandionetsa kachitidwe kake. Nyimbo yonse ikawonongeka zilibe kanthu, bola papulumuke pothera paja, pamene mayi akuseka. Makolo, tikachoka kumanda kafunseni ana anu mofatsa, musawamenye, angabise. Mawa likhoza kukhala mochedwa. Manda awiri sabata imodzi pakhomo pano sitingathe, ine sindingathe.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Mailesi, amene ali gone m'chipinda umo. Asiya ana atatu, Atikonda, Jeffrey ndi Chiyamiko, adzukulu asanu ndi anayi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi mng'ono wawo mmodzi, amene ndine.

Achimwene, munaphunzira kudikira mnzanu, ndipo munadikira zaka zisanu ndi ziwiri mbale ili m'manja. Kumene mwapitako dikiraninso choncho, pang'onopang'ono, musafulumire kuwaitana alamu. Apumule mu mtendere bambo Lucius Jimu. Ine tikabwerako kumanda mundipeza pakhonde, wailesi ili pamwendo, phala lili pamoto.