Manda Amene Tinakumba Tili Osavinidwa

Inu omvera, zoti ana asukulu azithandiza m'midzi sizinayambe lero. Chaka cha fuluwenza, itatha nkhondo ya Jeremani, ndinali kapitawo wa anyamata pasukulu yamishoni kufupi ndi Katete. Mwana wa mayi wina wamasiye anamwalira, adzukulu okumba manda onse ali chigonere. Tinatenga makasu n'kupita kumanda.

Tili mkati mokumba, anatulukira amuna awiri atanyamula zibonga.

"Osavinidwa inu, wakulowetsani kuno ndani?"

"Ndine, bambo," ndinayankha. "Menyani ine, anzangawa akumbe."

Anandimenyadi. Chibonga chinandiswa diso, magazi anadzaza m'kamwa. Anzanga ankalira, koma makasu sanaime. Mwanayo tinamuika dzuwa lisanalowe.

Diso limenelo silionanso mpaka lero. Wofuna kutsogolera anzake adziwiretu kuti chibonga chimayambira pa iye.