Mayi Sornammal ndi Msewu wa Kukachisi

Mu 1961, ndikukwera sitima, ndinalonjeza alongo anga aakulu kuti pa maliro awo ndidzasenza chithatha ndi phewa langali n'kuchidutsitsa mumsewu wa kukachisi, umene maliro a mtundu wathu saloledwa kudzeramo. Anaseka. "Thambi, iwe wokanika kusenza mtsuko wa madzi? Pita kaphunzire, usakachedweko."

Malemu Mayi Sornammal Muniyandi anabadwa mu 1938 konkuno ku Vadakkur, kuseri kwa ngalande, kumene timakhala ife amene anthu a mitundu yapamwamba amati tikawakhudza tawadetsa. Sukulu sanaipondeko. Bambo anati maphunziro ndi a mwana wamwamuna, choncho ndinkapita ndine, kukakhala pachiguduli kukhonde la kalasi. Alongo angawo ankatolera zilembo m'makope anga otha, ndipo pasanathe chaka ankandikonzera masamu. Sindinawakhululukire msanga.

Mu 1957 anakwatiwa ndi malemu Bambo Muniyandi, osoka nsapato. Mu 1964 anayamba kuphunzitsa atsikana asanu ndi atatu m'khola. Makolo akakana ankati, "Ndibwerekeni mwanayo mmawa wokha, mbuzi sizithawa." Eni minda anawamana ntchito yowokera mpunga zaka zitatu. Kholalo lero ndi sukulu ya zipinda khumi.

Kukachisi anakalowa koyamba mu 1989, osapempha, atsikana makumi anayi ali pambuyo.

Nthawi yonseyi ine ndinali ku Penang, kenako ku London. Ndinawerenga pafupifupi buku lililonse lonena za kuponderezedwa kwathu, ndinalembanso anga awiri. Lachiwirilo ndalipeza likuchirikiza mwendo wa tebulo lawo. Ndabwerako patatha zaka makumi asanu ndi zisanu: bwemba wathu adadula, chitsime adakwirira, ndipo aliyense akundipatsa moni kuti, "Ndinu mlongo wa Aphunzitsi, eti?" Wofunsa dzina langa sindinamuone.

Anadwala impso miyezi inayi, ndipo anatisiya Lachiwiri masana.

Asiya ana awiri, Thenmozhi ndi Arivu, zidzukulu zisanu, ndi mlongo mmodzi. Mmawa uno mlongoyo atayandikira chithatha, Thenmozhi anamugwira mkono. "Amalume, ndi mawondo amenewa? Amayi adasankha kale owanyamula."

Apumule mu mtendere. Afika pano pamanda kudzera mumsewu wa kukachisi, pamapewa a amayi asanu ndi atatu amene anawaphunzitsa m'khola muja, ngakhale kwathu kuno akazi sasenza maliro. Ine ndatsatira pagalimoto.